Agalu, mfuti ndi mphika: Mafunso ndi mayankho pa moyo wa alenje a kumidzi ya ku Britain

Munthu akamva za Britain amaganiza za London, sitima zoyenda pansi pa nthaka ndi mpira wa Premier League. Koma kunja kwa mizinda kuli anthu amene chaka chawo chimayendera nyengo za mbalame, nsomba ndi nyama zakutchire. Ali ndi agalu awoawo, zovala zawo, zakudya zawo, ngakhalenso magazini awo monga The Field, imene inayamba kutuluka mu 1853, ndi Shooting Times ya mu 1882. Nawa mafunso amene munthu wongoonera patali angafunse, ndi mayankho ake.

Kodi moyo umenewu ndi wotani kwenikweni?

Ndi moyo wa anthu amene amasaka ndi kuwedza chifukwa chokonda, osati chifukwa chakuti ndiwo zavuta. Ena amaombera mbalame zili m'mwamba, ena amazembera nyama za mtundu wa mbawala zotchedwa deer, ena amawedza nsomba za salmon ndi trout m'mitsinje. Pozungulira zinthu zitatuzi ndi pamene pamera zina zonse: kuweta ndi kuphunzitsa agalu, kusamala nkhalango, kusoka zovala zolimba kumvula, ndi kuphika zimene zaphedwa.

Kulira kwa mfuti ndi kanthawi kochepa chabe. Nthawi yaitali imathera pa malo, pa galu ndi pa mphika. Mwini galu amatha zaka ziwiri akumuphunzitsa asanamudalire kutchire, ndipo woyang'anira mbalame pa esiteti, amene iwo amamutcha gamekeeper, amagwira ntchito chaka chonse pokonzekera miyezi inayi yokha.

Amasaka nthawi ina iliyonse imene afuna?

Ayi. Lamulo linaika masiku, ndipo ku England ndi Wales masikuwa amachokera m'lamulo la Game Act la mu 1831. Nyengo ya grouse, mbalame yofiirira ya kumapiri, imatsegulidwa pa 12 Ogasiti n'kutsekedwa pa 10 Disembala. Ya partridge, imene ndi m'bale wake wa nkhwali, imayamba pa 1 Seputembala. Ya pheasant, mbalame yaikulu ngati nkhuku imene tambala wake ali ndi mchira wautali, imayamba pa 1 Okutobala. Ziwirizi zimatsekedwa pa 1 Febuluwale. Lamulo lomweli limaletsa kuombera mbalamezi Lamulungu ndi pa tsiku la Khirisimasi.

Cholinga cha nyengozi n'chakuti mbalame ziikire mazira ndi kulera anapiye popanda wozisokoneza. Tsiku la 12 Ogasiti ndi lotchuka kwambiri moti malesitilanti ena a ku London amapikisana kuti grouse yophedwa m'mawa kumapiri a kumpoto ikhale ili pambale madzulo a tsiku lomwelo.

Nanga tsiku loombera mbalame limayenda bwanji?

Amene anapitako ku uzimba sangavutike kumvetsa, chifukwa nako kumakhala ovumbulutsa nyama ndi oidikirira. Oombera, amene kawirikawiri amakhala asanu ndi atatu, amaima pamzere, aliyense pa chikhomo chake chokhala ndi nambala. Manambalawo amachita kutola mwamaere m'mawa, ndipo akasamukira pamalo ena aliyense amasuntha, kuti malo abwino asakhale a munthu mmodzi tsiku lonse.

Kutsogolo, mkati mwa nkhalango kapena m'munda, gulu lina limayenda pang'onopang'ono litayalana, likugogoda mitengo ndi ndodo ndi kukupiza timbendera. Agalu ang'onoang'ono amalowa m'ziyangoyango. Mbalame zikavumbuluka zimauluka kudutsa pamwamba pa oombera. Kumbuyo kwa oombera kumaima gulu lachitatu, la otola, aliyense ndi agalu ake, maso ali m'mwamba kuwerenga mbalame iliyonse imene yagwa ndi pamene yagwera. Lipenga kapena wenzulo ikalira, aliyense amachotsa zipolopolo mumfuti.

Pali mwambo umene saunyengerera. Mbalame youluka m'munsi siomberedwa, chifukwa kumbuyo kwake kungakhale munthu kapena galu. Mbalame imene ikupita kwa mnzako umamusiyira. Munthu wadyera kapena wosasamala mfuti saitanidwanso. Cha m'ma 11 koloko onse amapumira n'kumwa supu wotentha, kudya masoseji ndi kulawa kachakumwa kofiira kotchedwa sloe gin. Madzulo woombera aliyense amathokoza gamekeeper ndi kangachepe, ndipo amapatsidwa mbalame ziwiri, tambala ndi thadzi, zokadya kunyumba.

Agalu amenewa ndi a mtundu umodzi?

Ayi, ntchito zake n'zosiyana ndipo agalunso ndi osiyana. Agalu a mtundu wa spaniel, monga English Springer ndi Cocker, ndi aafupi, amakutu ogwa, osatopa. Ntchito yawo ndi kufufuza m'thengo pafupi ndi mbuye wawo ndi kuvumbulutsa mbalame. A mtundu wa pointer ndi setter amathamanga kutali m'malo oyera, ndipo akamva fungo la mbalame amaima chilili, mphuno italoza komwe yabisala, mpaka mlenje afike. A mtundu wa retriever, monga Labrador ndi Golden Retriever, amakhala phee pambali pa mwini wawo, ndipo amanyamuka pokhapokha atatumidwa kukatola mbalame imene yagwa. Palinso agalu ochokera kumayiko ena a ku Ulaya, monga Vizsla wa ku Hungary ndi German Shorthaired Pointer, amene amagwira ntchito zonse zitatu.

Agaluwa sagwira nyama yamoyo n'kuipha. Galu wa mlenje wa mbalame amafunafuna, kuloza ndi kutola basi.

Labrador, amene tsopano ali m'nyumba zambiri padziko lapansi, anachokera kuti?

Makolo ake anali agalu a asodzi a pachilumba cha Newfoundland, ku Canada, amene ankathandiza kukoka zingwe ndi kutola nsomba m'madzi ozizira. Zombo za malonda zinkabwera nawo padoko la Poole ku England m'zaka za m'ma 1800. Mabanja awiri olemera, la Earl of Malmesbury ndi la Duke of Buccleuch ku Scotland, anaona luso lawo potola abakha m'madzi ndipo anayamba kuwaweta mosamala. Bungwe loona za agalu la Kennel Club, limene linakhazikitsidwa mu 1873, linavomereza Labrador ngati mtundu pawokha mu 1903.

Golden Retriever anayambira ku Guisachan, kumapiri a ku Scotland. Kumeneko Dudley Marjoribanks, amene pambuyo pake anadzakhala Lord Tweedmouth, anakweretsa galu wake wachikasu dzina lake Nous kwa galu wamkazi dzina lake Belle, ndipo ana oyamba anabadwa mu 1868. Mfumukazi Elizabeth II nayo inkaweta ma Labrador ku Sandringham, ndipo inkakonda kuima kumbuyo kwa oombera n'kumatuma yokha agalu ake kukatola mbalame.

Galu amaphunzitsidwa bwanji kuti afike pamenepo?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kagalu kakadali kakang'ono amangosewera nako n'kukazoloweretsa kubwera kakaitanidwa. Pakapita miyezi ndi pamene sukulu yeniyeni imayamba: kukhala pansi, kuyenda pambali pa mwendo wa mbuye wake popanda chingwe, ndi kudikira. Chophunzirira chake ndi kathumba ka kanivasi kolemera ngati mbalame. Amakaponya galu akuona, koma osamulola kunyamuka mpaka atamva dzina lake. Nthawi zambiri mphunzitsi amakatola yekha kathumbako, kuti galu adziwe kuti si chilichonse chogwa chimene ndi chake.

Kenako imabwera wenzulo. Ikalira kamodzi motalika, galu amaima pomwe ali n'kuyang'ana mbuye wake. Ikalira modukizadukiza, amabwerera. Dzanja likaloza kumanzere, kumanja kapena kutsogolo, amalowera komweko ngakhale kuti sanaone chimene chagwa. Kulira kwa mfuti amamuzoloweretsa pang'onopang'ono, kuyambira patali, chifukwa galu amene wadzidzimutsidwa ali wamng'ono amatha kuopa mfuti moyo wake wonse.

Chofunika china ndi kagwiridwe ka pakamwa. Galu wabwino amanyamula mbalame mofatsa moti ikafika m'manja simupeza dzino ngakhale limodzi pakhungu pake. Pamipikisano ya agalu, oweruza amapapasa nthiti za mbalame, ndipo zikapezeka zophwanyika galuyo amachotsedwa. Amachotsedwanso akauwa, akalira, kapena akathamanga asanatumidwe.

N'chifukwa chiyani ambiri amati kusaka popanda galu n'kulakwa?

Chifukwa si mbalame iliyonse imene imagwa itafa. Pheasant yothyoka phiko ikafika pansi imathamanga liwiro la mtondo wadooka n'kulowa m'minga, ndipo munthu sangaipeze. Apa ndi pamene wotola amasiya mbalame zakufa zili poyera n'kutuma galu wake wodalirika pa yovulalayo. Galuyo amafika pamene yagwera, kuzungulira kamodzi, kuika mphuno pansi n'kutsata fungo. Amadutsa pakati pa mbalame zina zamoyo osazicheukira, kuwoloka ngalande, kulowa pansi pa mpanda, n'kusowa. Mwini wake saliza wenzulo, chifukwa akudziwa kuti pamenepa mphuno ikuposa maso. Pakapita mphindi zingapo galu amatulukira, mbalame ili pakamwa mutu uli njo, ndipo mwini wake amaimaliza nthawi yomweyo kuti isazunzike.

Galu wamkota sakandira pachabe. Otola akale akaona galu wawo akukakamira pachitsamba chimene aliyense wadutsapo kale, amamudikira.

Kodi aliyense angagule mfuti n'kuyamba?

Ayi. Malamulo a mfuti ku Britain ndi okhwima. Wofuna mfuti yoombera mbalame amapempha chiphaso kupolisi. Apolisi amafufuza mbiri yake, amafuna umboni wa dokotala, ndipo amabwera kunyumba kudzaona ngati ali ndi kabati yachitsulo yokhoma, yomangiriridwa kukhoma. Chiphasocho chimatha pakapita zaka zisanu. Wofuna mfuti yoombera deer amayeneranso kupereka chifukwa chomveka ndi kusonyeza kumene akaigwiritse ntchito.

Ambiri amayamba ndi kuombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba ndi makina, mlangizi ali pambali. Mfuti zake zimakhala za mipope iwiri, yogundizana m'mbali kapena yosanjikizana. Zilipo zotsika mtengo, koma zopangidwa pamanja ndi makampani akale a ku London monga Purdey, ya mu 1814, ndi Holland & Holland, ya mu 1835, mtengo wake umaposa wa galimoto yapamwamba, ndipo zimasiyidwa ngati chuma cha masiye.

Bwanji onse amavala mofanana?

Poyamba chinali chifukwa cha nyengo. Miyezi yosaka ndi ya chisanu, mvula ndi matope. Nsalu ya tweed, yolukidwa ndi ubweya wa nkhosa, imafunda ngakhale itanyowa, siichita phokoso, ndipo mitundu yake yobiriwira ndi yofiirira imafanana ndi tchire. Maesiteti ena ku Scotland ali ndi kalukidwe kawokawo kamene antchito awo amavala. Yotchuka kwambiri ndi Harris Tweed, imene lamulo la mu 1993 limati iyenera kulukidwa pamanja m'nyumba za anthu a pazilumba za Outer Hebrides. Majekete opakidwa phula a Barbour, kampani imene inayambira ku South Shields mu 1894, ndi majombo obiriwira amamaliza chithunzicho.

Koma pali ndi mwambo. Oombera ambiri amamanga tayi ngakhale ali m'matope, ndipo amati kutero n'kulemekeza mwini malo ndi mbalame imene akupha. Jekete yakale yokhala ndi zigamba imapatsidwa ulemu kuposa yatsopano.

Tifike kukhitchini. Mbalamezi amaziphika bwanji?

Choyamba saziphika tsiku lomwelo. Pheasant amaipachika pakhosi m'chipinda chozizira, nthenga zili momwemo, masiku atatu mpaka sabata, kuti nyama ifewe ndi kukhala ndi kakomedwe ka kutchire. Akale ankapachika nthawi yaitali mpaka fungo kumveka, koma ophika a masiku ano amakonda masiku ochepa. Izi zimatheka chifukwa cha kuzizira kwa kumeneko, ndipo kumalo otentha nyama yotere ingawonongeke tsiku limodzi.

Akasosola ndi kutumbula, wophika amayamba waona msinkhu wa mbalame. Tambala wamng'ono amakhala ndi chikhadabo chachifupi ndi chobuntha kumbuyo kwa mwendo, pamene cha wamkulu chimakhala chachitali ndi chosongoka. Wamng'ono ndi wowotcha. Popeza mbalame yakutchire ilibe mafuta ambiri, amaipaka batala, kuyala nyama yankhumba yodula mopyapyala pachifuwa, n'kuiika mu uvuni wotentha kwambiri kwa mphindi 40 kapena 50, akuithira mafuta ake omwe. Ikatuluka amaisiya ipume mphindi khumi asanaidule, kuti madzi ake asatayike. Yaikulu ndi yophika pamoto wochepa, mumphika wovundikira, pamodzi ndi anyezi, maapozi ndi chakumwa cha maapozi chotchedwa cider, mpaka nyama iyambe kulekana ndi fupa.

Grouse ndi yaing'ono, nyama yake ndi yakuda, ndipo mphindi 20 mu uvuni zimakwana. Imayenda ndi mbatatesi zodula mopyapyala zokazinga ndi msuzi woyera wa buledi. Msuziwo amaupanga potenthetsa mkaka muli anyezi wobayidwa ndi tizonunkhira ta clove, kenako n'kuthiramo nyenyeswa za buledi ndi batala. Lesitilanti ya Rules ku London, imene inatsegulidwa mu 1798, imadziwika ndi zakudya zamtunduwu. Wodya amatafuna mosamala, chifukwa kachipolopolo kakang'ono kamatha kutsalira m'nyama n'kuthyola dzino.

Sloe gin uja amapangira panyumba. Zipatso zazing'ono zakuda za mtengo waminga wa blackthorn amazithyola chisanu chikayamba, kuzibaya, kuziika m'botolo ndi shuga ndi jini, n'kudikira miyezi iwiri kapena itatu.

Nanga deer ndi nsomba zimalowa pati?

Ku Britain kuli mitundu isanu ndi umodzi ya deer zakutchire, koma iwiri yokha, red ndi roe, ndiyo ya komweko. Ina inachita kubwera, monga muntjac ya ku China imene inafalikira kuchokera ku esiteti ya Woburn. Mimbulu imene inkadya nyamazi inatha kalekale, choncho zachulukana mpaka kumadya mitengo ing'onoing'ono m'nkhalango ndi mbewu m'minda. Pachifukwachi ngakhale mabungwe osamala zachilengedwe amazipha kuti zichepe. Kumapiri a ku Scotland mlenje amatha kukwawa chafufumimba maola angapo, mphepo ikumuwomba kumaso, kuti aombere kamodzi kokha. Mwambowu unatchuka kwambiri Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, atagula esiteti ya Balmoral mu 1852.

Owedza salmon amathamangira mitsinje ya Tweed, Tay, Spey ndi Dee, pamene a trout amakonda Test ndi Itchen ku Hampshire. Nyambo yawo si nyongolotsi koma kachilombo kochita kupanga, komangidwa pambedza ndi ulusi ndi nthenga. Nyambo ina yodziwika, imene anaipanga Frank Sawyer, woyang'anira mtsinje wa Avon, imamangidwa ndi nthenga za kumchira kwa pheasant. Popeza salmon yachepa, masiku ano pafupifupi zonse zogwidwa ndi mbedza ku Scotland zimabwezedwa m'madzi. Chikondi cha nsombazi chinafika ndi ku Malawi. Trout za paphiri la Zomba ndi za m'madamu a ku Chelinda ku Nyika zinabwera ndi Angerezi nthawi ya atsamunda.

Kodi amenewa si masewera a anthu olemera okha?

Mbiri yake ikuvomereza. Lamulo la mu 1671 linkalola kusaka mbalamezi makamaka kwa amene malo awo ankawabweretsera mapaundi osachepera 100 pachaka, ndipo la mu 1723 linaika chilango cha imfa kwa opezeka ndi zida atadzidetsa kumaso posaka deer. Mlimi wosauka akatchera msampha m'munda womwe ankalima ankatengedwa ngati mbava. Lero tsiku lalikulu pa esiteti yotchuka limalipiridwa potengera chiwerengero cha mbalame, ndipo gulu limatha kutulutsa mapaundi masauzande ambiri.

Koma chithunzi sichithera pamenepo. Pali timagulu ta alimi, amakaniko ndi opuma pantchito amene amasonkha ndalama, kubwereka nkhalango ya mlimi, n'kumadyetsa okha mbalame. Ena amaombera njiwa ndi akalulu owononga mbewu popanda kulipira. Ovumbulutsa ndi otola ambiri alibe n'komwe mfuti, amangopita chifukwa cha agalu awo ndi macheza. Kumapeto kwa nyengo pamakhala tsiku limene ovumbulutsa amaombera, ndipo m'malo ena mabwana ndiwo amagwira ndodo.

Otsutsa amati chiyani?

Ena amatsutsa kupha nyama kaamba ka chisangalalo, basi. Ena amaloza zotsatira zake. Pheasant ndi mbalame yochokera ku Asia, ndipo zambiri zimaswedwa m'makina, kuleredwa m'makola, n'kumasulidwa m'nkhalango zili ndi milungu yochepa. Chaka chilichonse zimamasulidwa mamiliyoni makumi angapo, ndipo asayansi amafunsa chimene unyinji wotere umachita ku tizilombo ndi zomera za komweko. Grouse siiwetedwa, koma kuti ichuluke eni malo amatentha kachitsamba ka heather kuti kaphukenso, zimene otsutsa amati zimawononga dothi losunga madzi. Pali ndi mlandu wa mbalame zolusa monga hen harrier, zimene lamulo limaziteteza koma zakhala zikuphedwa mozemba pafupi ndi malo a grouse. Bungwe loteteza mbalame la RSPB lakhala likulankhula za izi, ndipo mu 2024 Scotland inakhazikitsa lamulo lakuti malo oomberapo grouse azikhala ndi laisensi imene ingalandidwe.

Nkhani ina ndi ya mtovu wa m'zipolopolo, umene ndi poizoni kwa mbalame ndi kwa anthu. Ku England unaletsedwa poombera abakha mu 1999, ndipo mu 2020 mabungwe a alenje analonjeza okha kuusiya pa zaka zisanu, koma kusintha kunayenda mwaulesi. Kusaka nkhandwe ndi gulu la agalu anthu atakwera akavalo kunaletsedwa ku Scotland mu 2002, ndipo ku England ndi Wales mu 2005.

Oikira kumbuyo mwambowu, monga bungwe la BASC, amayankha kuti eni malo amasunga nkhalango ndi mipanda yamitengo chifukwa cha mbalamezi, kuti mbewu zodzalidwa kuti mbalame zibisalemo, kuphatikizapo chimanga, zimadyetsanso timbalame tina m'chisanu, ndiponso kuti midzi yakutali imapeza ntchito m'miyezi imene alendo sabwera.

Ndiye tinene kuti mwambowu ndi wabwino kapena woipa?

Zimatengera amene akuuchita, ndipo muyeso wake si wovuta. Kodi mbalame iliyonse yovulala yafunidwa mpaka kupezeka? Kodi zonse zophedwa zafika mumphika? Kodi malowo akusiyidwa ndi zamoyo zambiri kuposa kale? Pamene mayankho ali inde, pamakhala luso la galu, nkhalango yosamalidwa ndi nyama yabwino, ndipo mabungwe ngati Country Food Trust amaphika pheasant ndi deer n'kugawira osowa chakudya. Pamene mbalame zikuphedwa mazanamazana kuti mlendo wolemera adzitame, zina n'kutayidwa, palibe tayi kapena jekete ya tweed imene ingabise manyaziwo.

Inu amene muli ku Britain, mukaona pheasant pabutchala pakati pa Okutobala ndi Januwale, gulani imodzi, funsani kumene yachokera, ndipo muiphike pamoto wochepa ndi anyezi wambiri.